Dzanja la Ababa Libwerera pa Chiwaya

1. Nyumba Yasiya Kununkhira

Kusukulu ndi kunyumba komwe aliyense ankamutchula kuti Changu. Dzinali anamupatsa ndi abambo ake ali wamng'ono, chifukwa ankamwa tiyi asanapole, ankavala nsapato asanamasule zingwe, ndipo ankayankha funso aphunzitsi asanamalize kufunsa. Tsopano anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, koma dzinalo linali lisanamuchoke.

Abambo ake anali ophika pa hotela ina yaikulu m'tauni. Ntchito yawo inali chakudya cha m'mawa. Ankanyamuka tambala asanalire kukadyetsa alendo amene sankawadziwa n'komwe. Loweruka lokha ndi limene ankaphikira a m'nyumba mwawo. Tsiku limenelo nyumba yonse inkanunkhira mapankeke, timakeke topyapyala tokazinga pa chiwaya, ndipo ana a nyumba zoyandikana ankapeza chifukwa chodzabwerekera machesi.

Zonsezo zinatha tsiku limene anagwa ali pa ntchito. Madokotala anati ndi sitiroko. Atatuluka m'chipatala, mwendo wamanja unkakoka, dzanja lamanja linkalemera ngati la munthu wina, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi.

Kuyambira pamenepo sanapondenso m'khitchini. Ankakhala pa mpando wa pawindo kuyang'ana magalimoto akudutsa.

Amayi ake a Changu ankasoka zovala pa shopu ina pafupi ndi pokwerera mabasi, ndipo sakanatha kusiya ntchito. Choncho azakhali ake, mlongo wawo wa abambo, anabwera ndi chikwama chawo kudzakhala nawo. Azakhaliwo anali mayi wa mawu aakulu ndi mtima wofewa. Ankawamangira mabatani achimwene awo, ankawapesa tsitsi, ngakhale kapu ya madzi ankawagwirira.

Dokotala anali atanena kuti achepetse mchere, shuga, mafuta ndi ufa woyera. Azakhali anamva ngati wanena kuti asiyiretu. M'mawa uliwonse ankabweretsa phala lopanda kanthu kalikonse.

"Ndakhuta," ankatero abambo atangolawa pang'ono, n'kukankhira mbale kutali.

Thalauza lawo linayamba kukhwepa. Amayi analibweza m'chiuno kamodzi, kenako kachiwiri.

Tsiku lina Changu anawaperekeza kuchipatala ku mafizo, kokalimbitsa dzanja ndi mwendo. Abambo ali kupuma pa benchi, iye anatsatira namwino pakhonde.

"Anamwino, kodi dzanja la ababa lidzagwiranso ntchito?"

Namwinoyo anali mayi wachikulire wa imvi m'mbali mwa mutu. Anamuyang'ana kaye mtsikanayo, kenako anayankha.

"Mwana wanga, dzanja lili ngati mwana wa sukulu. Likajomba nthawi yaitali limaiwala zimene linaphunzira. Kuno timaliphunzitsa kanthawi kochepa, koma sukulu yake yeniyeni ili kunyumba kwanu. Mukamawachitira chilichonse, mukuwakonda, inde, koma mukulijombetsa dzanjalo. Apatseni ntchito imene mtima wawo umaifuna. Pakhale munthu pambali pawo. Asagwire chotentha okha, chifukwa khungu lawo silikumva bwino, ndipo akatopa azipuma. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Za chakudya, sitinanene kuti azidya zosakoma. Ufa wa tirigu wosakonola, zipatso, uchi pang'ono, zonsezo n'zabwino. Munthu amene sakudya sachira."

Changu anathokoza, ndipo mawuwo anapita nawo kunyumba.

2. Utsi m'Khitchini

Lachisanu madzulo anauza amayi ake zimene ankafuna kuchita. Amayi anaika pansi sizasi n'kuseka.

"Ukufuna kuphikira wophika? Uli ndi mtima, mwana wanga. Yesa, koma usandiotchere nyumba."

Loweruka m'mawa amayi atapita ku shopu, Changu anayala zinthu zake pa tebulo la m'khitchini. Panali ufa wa tirigu wogaya ndi madeya ake, wofiirira, wa timadontho. Panali mazira, mkaka, pawuda wofufumitsa, mafuta ophikira, apozi limodzi ndi nthochi zakupsa kwambiri, za makoko a mawanga akuda. Panalinso kabotolo ka uchi, ndimu, ndi mbale ya mabulosi amene mayi wa nyumba yoyandikana anamulola kuthyola mu mtengo wake. Zala zake zinali zitada kale ndi madzi a mabulosiwo.

Anali ataonerera abambo ake kambirimbiri, ndipo ankaganiza kuti maso ake anaphunzira zonse. Koma kuona n'kwina, kuchita n'kwina.

Anathira ufa, mazira ndi mkaka m'mbale yolowa nthawi imodzi. Anaponyamo nthochi asanazinyenye bwino. Anatakasa mwamphamvu mpaka mkono kuwawa. Apozi analiiwala pa tebulo. Kenako anayatsa sitovu ya gasi, n'kutsegula moto wonse kuti chiwaya chitenthe msanga.

Pankeke yoyamba inada bii kunsi, m'kati muli phala lokhalokha. Yachiwiri inakakamira pa chiwaya, ndipo poichotsa inang'ambika ngati mapu a dziko losadziwika. Yachitatu anaithira mafuta ambiri kuti isakakamire. Mafutawo anayamba kufuka, utsi unadzaza khitchini n'kutulukira m'chipinda chochezera.

Azakhali analowa akutsokomola. Anazimitsa sitovu n'kukankha windo.

"Iwe mwana, ukuwotcha chiyani muno, matayala?"

"Ndimafuna ndiwapangire ababa mapankeke."

"Awa?" Azakhali ananyamula yakuda ija ndi zala ziwiri. "Awa ngakhale galu akhoza kukuyang'ana kawiri."

Changu anaweramitsa mutu. Asanayankhe, anamva ndodo ikugogoda pa simenti pang'onopang'ono, phazi likukhwekhwereza pambuyo pake. Onse awiri anatembenuka.

Abambo anali ataima pakhomo la khitchini. Sanayang'ane mwana wawo kapena mlongo wawo. Maso awo anali pa chiwaya. Anakoka mpweya ndi mphuno.

"Moto," anatero. "Wachuluka."

3. Mawu a Azakhali

"Achimwene, bwererani pa mpando," anatero azakhali. "Utsi uwu si wabwino kwa inu."

Abambo sanasunthe.

"Ababa, lowani mundionetse," anatero Changu.

Azakhali anamugwira pa mkono n'kutuluka naye khomo la kuseri, pamene ankayanika zovala. Anatsitsa mawu, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Tamvera, mwana wa achimwene. Ine sindine munthu wouma mtima wokaniza abambo ako chisangalalo. Iwe unali kusukulu pamene ine ndinali nawo m'chipatala. Ndinawaona akulira chifukwa supuni yawagwa m'manja. Munthu amene ankaswa mazira awiri ndi dzanja limodzi, kulephera kunyamula supuni. Iwe ukuganiza za mapankeke, ine ndikuganiza za moyo wawo. Dzanja lija silikumva kutentha. Likhoza kupsa mpaka matuza, iwo osadziwa. Mwendo uja ukhoza kuterereka pa dontho limodzi la mafuta, ndipo akagwanso sitikudziwa ngati adzadzuke. Koma choopsa kwambiri si chimenecho ayi. Akayesa n'kulephera pamaso pa mwana wawo, manyazi ake adzawagoneka kuposa matenda. Bala la moto limapola, la manyazi limachedwa. Ine ndinakula nawo, ndikuwadziwa. Ali mnyamata analephera mayeso kamodzi, anakhala osalankhula ndi munthu mpaka mvula kugwa. Mawu a akulu akoma akagonera. Chotsa zonsezi, uwapangire tiyi, nkhani ithe."

Masiku onse Changu akanadula mawuwo pakati. Tsiku limeneli anadikira mpaka azakhali atamaliza. Anapinda manja kumbuyo, n'kulankhula mwaulemu.

"Azakhali, ndamva. Zoti angapse n'zoona, zoti angagwe n'zoonanso. Ndikolopa pansi paume, ndiwaikira mpando, chiwaya ndizigwira ine. Anamwino anati dzanja limafuna ntchito, bola pakhale munthu pambali. Komanso taonani, sindinakawatenge ine. Abwera okha. Chitulukireni m'chipatala sanadzukepo pa mpando paja popanda wowadzutsa. Tikawabweza pakhomo paja, ndiye kuti tawauza kuti m'khitchini mulibenso malo awo. Ndikupempha mukhale nafe. Ndekha sindingathe."

Azakhali anasuzumira pa windo. Achimwene awo anali atalowa kale, atatsamira tebulo, dzanja lamanzere lili m'thumba la ufa.

"Pakamwa pako ngati loya," anatero azakhali. "Tenga chokolopera. Koma ndikati basi, ndi basi."

4. Phunziro la Moto

Anakolopa pansi mpaka pouma. Azakhali anabweretsa mpando wa manja n'kuuika pafupi ndi tebulo, kutali pang'ono ndi sitovu. Abambo anakhala pansi akutikita ufa pakati pa zala.

"Ufa wabwino," anatero. "Uli ndi malaya ake."

Analoza mbale imene Changu anatakasa ija. Atawapatsa, anatunga ndi supuni n'kuipendeketsa. Zosakanizazo zinakana kugwa. Anapukusa mutu.

"Yambiranso."

Changu anatenga mbale ziwiri monga anamuuzira. M'mbale yoyamba anathira makapu awiri a ufa, timasupuni tiwiri ta pawuda wofufumitsa ndi kamchere kotsina ndi zala. M'mbale inayo anaswera mazira awiri, n'kuthira mkaka ndi mafuta pang'ono. Apozi lija analipala pa chopalira mpaka linasanduka tizingwe.

Nthochi anazisenda n'kuziika m'kambale, n'kukankhira kambaleko pamaso pa abambo ake pamodzi ndi foloko. Abambo anatambasula dzanja lamanzere.

"Anamwino anati lamanja, ababa."

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako ananyamula dzanja lamanja n'kuliika pa tebulo. Zala zinatseka foloko movutikira. Azakhali anagwira kambale kuti kasathawe. Nthochi yoyamba inaterereka, koma nthochi yakupsa ilibe makani. Pang'ono ndi pang'ono zonse zinanyenyeka.

Changu anathira zamadzi mu ufa n'kugwira supuni yamtengo ngati akupita ku nkhondo. Abambo anakweza chala. Kenako anayamba kulankhula. Mawu ankatuluka mochedwa, ena ankaima pakhosi n'kuwadikirira, koma palibe anawathandiza kumaliza.

"Changu, mwana wanga. Ufa woyera ndi wosavuta. Anauvula madeya, anauchotsa mtima. Watsala wokongola, wopanda mphamvu. Chikomekome cha nkuyu. Uwu ndi wamakani. Umamwa mkaka pang'onopang'ono. Ukauthamangitsa, umakubwezera mwala. Usaumenye ngati wakulakwira. Uzingoupinda, timibulu titsale, kenako uusiye upume. Moto nawonso chimodzimodzi. Anyamata ambiri anabwera m'khitchini mwanga ndi manja achangu. Ankayesa kuti moto waukulu ndiyo ntchito yaikulu. Ankatulutsa zakuda kunja, zaziwisi m'kati. Mlendo akaluma kamodzi, sabweranso. Anthu enanso ali choncho, mwana wanga. Amapsa msanga kunja, m'kati asanakhwime. Amafuna kuoneka aakulu, kulankhula ngati aakulu, kudya za aakulu. Ukawatsegula, phala lokhalokha. Iwe usakhale wotero. Kusukulu, kwa anzako, kulikonse kumene upite, uzichepetsa moto."

Atamaliza anapuma mwamphamvu ngati munthu wokwera phiri. Chidwalireni anali asanalankhulepo mawu ochuluka chotero. Azakhali anapukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni.

"Utsi uja sunathebe muno," anatero.

Pamene zosakanizazo zinkapuma, anakonza zothira pamwamba. Changu anatsuka mabulosi, n'kuchotsa timapesi take, n'kuwaika m'kapoto ndi madzi ochepa. Anafinyiramo ndimu. Pa moto wochepa mabulosiwo anayamba kuphulika, madzi ake akusanduka msuzi wofiira wokhathamira. Atatenga botolo la uchi, abambo anamuletsa.

"Phula kaye. Uchi suphikidwa. Umalowa pomaliza ngati mlendo wolemekezeka."

"Nanga dokotala?" anafunsa azakhali.

"Supuni ziwiri, achemwali. Mabulosi ali ndi shuga wawo."

Kenako inafika nthawi ya chiwaya. Changu anachikwecha mpaka makala onse atachoka. Anachipaka mafuta ndi kapepala, osati kuthira. Anayatsa moto wochepa, n'kudontheza madzi pa chiwaya monga anamuuzira. Dontho litavina n'kuuma, anathira zosakaniza zodzaza chikho chaching'ono. Zinayala zokha n'kukhala bwalo.

Dzanja lake linathamangira chotembenuzira.

"Dikira," anatero abambo. "Itsegule maso."

Changu anadikira. Mapazi ake ankapondaponda, koma dzanja analibweza. Patapita kanthawi, pamwamba pa pankeke panayamba kutuluka timabowo, kamodzi apa, kena apo, mpaka ponseponse. M'mphepete munauma.

"Tsopano."

Anaitembenuza. Kunsi kunali kofiirira bwino ngati khungu la buledi wotuluka kumene mu uvuni. Fungo la nthochi ndi tirigu linakwera n'kuthamangitsa fungo la zopserera. Changu anafuna kuidinikiza ndi chotembenuzira, abambo anapukusa mutu, iye anamvera. Pankeke inafufuma yokha.

"Imeneyo ndi pankeke," anatero abambo.

Changu anaima mowongoka ngati waitanidwa kutsogolo pa tsiku lotsekera sukulu.

5. Pankeke Yagwa Pansi

Anapanga ina, kenako inanso. Atathira yotsatira, anaona dzanja lamanja la abambo ake litatambasuka.

"Ndipatse."

Changu anayang'ana azakhali. Azakhali analuma mlomo, koma anapita kukaima kumbuyo kwa achimwene awo n'kuwagwira lamba. Abambo anadzuka. Dzanja lamanzere linagwira m'mphepete mwa tebulo. Changu anagwira chigwiriro cha chiwaya ndi kansalu, n'kuika chotembenuzira m'zala za abambo ake.

Timabowo tinatuluka. Chotembenuzira chinalowa pansi pa pankeke bwinobwino. Chinainyamula. Koma pofuna kupotokola, dzanja linagwedezeka, pankeke inaterereka, inagunda m'mphepete mwa sitovu n'kugwa pansi chafufumimba. Phala lake linamwazikira pa silipasi za azakhali.



Abambo anayang'ana pansi pamene panagwa pankeke. Nkhope yawo inagwa. Mapewa anatsika.

"Basi," anatero motsitsa. "Ndinatha ine."

"Si zimene ndimanena?" anatero azakhali. "Basi, Changu. Tiyeni, achimwene, mukapume. Mwana amaliza yekha."

Abambo anatambasula chotembenuzira kuti amubwezere mwana wawo.

Changu anachiyang'ana. Kuchilandira kunali kosavuta. Mapankeke otsalawo akanawamaliza bwino, tsopano anali atadziwa. Azakhali anali atanena kuti basi, ndipo iye sanakane pamene ananena za basiyo kuseri kuja.

Sanachilandire. Anatembenukira kwa azakhali.

"Azakhali, mwanena basi, ndamva. Ndikupempha imodzi yokha. Ikagwanso, ndiwaperekeza ndekha pa mpando."

Azakhali anayang'ana nkhope ya achimwene awo, n'kuyang'ananso ya mtsikanayo. Dzanja lawo silinachoke pa lamba.

Changu anatola pankeke yakugwayo, anapukuta pansi mpaka pouma, n'kupaka chiwaya mafuta. Anathira zosakaniza zochepa, kapankeke kakang'ono ngati chikhatho.

"Ababa, ine ndataya zitatu m'mawa uno, inu mwataya imodzi. Mukanali patsogolo."

Mbali imodzi ya pakamwa pa abambo inagwedezeka. Sikunali kuseka kwenikweni, koma kunali pafupi.

"Mwandiuza nokha kuti tizichepetsa moto," anapitiriza Changu. "Tiyeni tidikire limodzi itsegule maso."

Anadikira atatu onse, mitu itaweramira chiwaya. Changu anagwira chigwiriro ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo analiika pansi pa chigongono cha abambo ake, osakankha, osanyamula, kungochirikiza.

Timabowo tinatuluka. Abambo anakoka mpweya. Chotembenuzira chinalowa, chinanyamula, chinapotokola.

Kapankeke kanagwera pa chiwaya. M'mphepete munapindika pang'ono, koma kanagwera m'kati, kofiirira bwino.

Abambo anakayang'ana kapankekeko ngati munthu woona m'bale wake amene anasowa kalekale.

"Thira ina," anatero. "Yaikulu."

Yotsatirayo inagwera pakati penipeni. Potembenuza inanso, Changu anachotsa dzanja pa chigongono, abambo osadziwa n'komwe. Anatembenuza zingapo mpaka thukuta linayenderera m'masaya, ndipo anakhala pansi okha popanda wowauza.

Azakhali anagwira m'chiuno n'kuyang'ana mulu wa mapankeke pa mbale.

"Waliona dzanja la kwathu limenelo?" azakhali anamufunsa Changu. "Ife kwathu sitigonja. Ndimadziwa ine kuti atha."

Changu anabisa kuseka kwake m'kansalu kogwirira chiwaya.

6. Pa Tebulo

Amayi anafika masana, tepi yoyezera ikanali m'khosi. Anaima pakhomo n'kununkhiza.

"Kodi ndalowa nyumba yolakwika?"

Tebulo linali litayalidwa nsalu. Pakati panali mapankeke osanjikizana, pambali pake kambale ka msuzi wa mabulosi ndi nthochi zoduladula. Kumutu kwa tebulo kunakhala amuna awo, ufa uli pa malaya ndi pa nsidze.

"Mwana wapanga?" anafunsa amayi.

"Tapanga," anayankha Changu. "Za pansizi ndi zanga. Za pamwambazi atembenuza ndi ababa, ndi dzanja lamanja."

Amayi anakhala pa mpando mwadzidzidzi. Anagwira dzanja lamanja la amuna awo, n'kulitembenuza uku ndi uku kufuna bala. Panalibe bala. Analigwirabe kanthawi osalisiya.

"Alamu, munalola?" anafunsa.

"Ine ndi amene ndimagwira lamba," anayankha azakhali monyadira. "Popanda ine bwenzi zitavuta."

Changu anagawa. Pa mbale iliyonse anaika mapankeke, nthochi pamwamba, n'kuthira msuzi wa mabulosi umene unayenderera m'mbali. Anali ofewa m'kati, otafunika bwino chifukwa cha madeya, ndipo tizingwe ta apozi tinkamveka pa lilime. Kuwawasa kwa ndimu kunkagwirana ndi kutsekemera kwa uchi.

Abambo anadya ndi dzanja lamanja. Foloko inkafika pakamwa mochedwa, ndipo msuzi unadonthera pa malaya. Azakhali anatenga kansalu kuti awapukute, koma dzanja lawo linaima m'malere. Anaika kansaluko pafupi ndi mbale ya achimwene awo n'kupitiriza kudya. Abambo anadzipukuta okha.

Mbale yawo itayera, anaikankhira kutsogolo monga ankachitira ndi phala. Onse anadikira mawu aja a masiku onse.

"Ina," anatero.

Amayi anaseka mpaka misozi. Changu anawaikira ina, n'kuthira msuzi wambiri kuposa woyamba. Mayi wa nyumba yoyandikana anamutumizira ziwiri pa kambale, kuthokoza mabulosi, ndipo kambaleko kanabwerera ndi uthenga woti mtengo wonse ndi wawo.

Atamaliza kudya, abambo anatsamira mpando. Anayang'ana dzanja lawo, n'kulitsegula, n'kulitseka.

"Lolemba," anatero, "Changu akaweruka, andiperekeze ku hotela. Ndikaone khitchini yanga. Ndikawauze mabwana kuti ndikubwerera."

Foloko ya amayi inaima m'njira. Anayang'ana azakhali. Azakhali anayang'ana m'mbale mwawo.

"Tikambirana, bambo a mwana," anatero amayi. "Lero mwatopa."

7. Chitseko Chotseka

Changu anali kutsuka mbale pamene amayi ake analowa m'khitchini n'kutseka chitseko. Anaima pafupi naye, n'kutenga kansalu ngati akufuna kupukuta mbale.

"Mwana wanga, lero wandinyaditsa. Chimene tinalephera ife akuluakulu, wachita iwe. Abambo ako adya, alankhula, aseka. Zimenezi sindidzaiwala. Koma tsopano undimvere bwino, chifukwa nkhani iyi si ya ana. Mwezi watha anandiitana ku hotela kuja. Malo a abambo ako anapatsa kale munthu wina, mnyamata amene anamuphunzitsa okha kuswa dzira. Anati khitchini singadikire munthu. Ine ndi azakhali ako tinagwirizana kuti tisawauze mpaka atalimba. Waona wekha mmene nkhope yawo inagwera chifukwa cha pankeke imodzi, azakhali ako andiuza. Nanga ntchito ya moyo wawo wonse? Chimene chikuwadzutsa pa mpando ndi chiyembekezo chobwerera kumeneko. Ukachichotsa lero, wachotsa mzati wa nyumba. Pakamwa pako ndimapadziwa, pamathamanga. Upatseke. Lolemba upeze chifukwa, unene kuti kusukulu kuli masewera, kapena aphunzitsi akusungani. Wandimva?"

Changu anali asananamizepo abambo ake chibadwire. Anayang'ana thovu la sopo m'manja mwake.

"Amayi, nanga akandifunsa?"

Amayi asanayankhe, ndodo inagogoda kunja kwa chitseko.

"Changu," anaitana abambo, mawu awo omveka bwino kuposa m'mawa. "Mwatsekeranji? Amayi ako akukuuza chiyani?"

Amayi anapukusa mutu pang'onopang'ono, chala chili pa milomo. Changu anaika mbale pansi, anapukuta manja pa siketi, n'kupita kukatsegula chitseko.